Cham'kati mwa Chitsulo

Munthu wochokera ku Lusaka akatsata msewu waukulu wa kum'mawa, napitirira mphambano yolowera ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, nayenda makilomita ngati 45 kufikira pa boma la Chongwe, zimene maso ake amakumana nazo ndizo minda ya chimanga, makola a ng'ombe, madimba a m'mbali mwa mtsinje ndi matumba a makala oimikidwa pamzere kudikira ogula; ndipo mutamufunsa kuti dziko limeneli ntchito yake njotani, adzakuyankhani mosajejema kuti ndi dziko la khasu ndi pulawo. Sadzakhala atanama, pakuti ngakhale mwambo waukulu wa eni nthaka ino, Asoli, umene amautcha Chakwela Makumbi, pamene Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imapempha mvula ndi kudalitsa mbewu dzinja lisanafike, ndi mwambo wa anthu olima. Komatu gudumu la pulawo, gudumu la lamba wa chigayo, simbi yositira ndi poto wamkulu wophikira nsima pamaliro sizimera m'munda. Zonsezi zinayamba zakhala madzi a moto, ndipo panali munthu amene anasenza madziwo nawathira m'chikombole. Ine ndinali mmodzi wa anthu otere pa unyamata wanga wonse, ndipo lero lino, imvi zitandigwira, ndikadali pa ntchito yomweyo, ngakhale ng'anjo yanga inachepa.

Ntchito ya moto ndi chitsulo si yachilendo kuno. Pa Kapwirimbwe, malo amene tsopano anamezedwa ndi nyumba za mzinda wa Lusaka, akatswiri ofukula zakale anapeza mphala yambirimbiri yochokera m'ng'anjo za anthu amene anakhalapo cha m'zaka za m'ma 400. Asoli anamveka kutali chifukwa cha makasu ndi nkhwangwa zawo. Ndipo makolo athu Amaravi, kum'mawa uko, anasiya ng'anjo zadothi zimene zina mwa izo zikadaonekabe m'nkhalango ya Kasungu. Koma pali kusiyana kumodzi kumene anthu ambiri sakuzindikira. Ng'anjo za makolo sizinkasandutsa chitsulo kukhala madzi: moto ukayaka usana ndi usiku, nthale inkalekana ndi mphala yake n'kusiya chibuma cha chitsulo, chimene wosula ankapita nacho pachipala kukachimenya ndi nyundo kufikira chitasanduka khasu. Chimene makolo ankathira m'chikombole unali mkuwa, monga ikuchitira umboni mitanda ya mkuwa imene inafukulidwa mu 1960 pa Ingombe Ilede, kufupi ndi Zambezi, m'manda a anthu olemera amalonda. Chotero wosula ndi wothira ndi pachibale, koma ntchito zawo n'zosiyana mtima. Wosula akaona kuti khasu lapindika amalibwezera pamoto nalimenyanso, kawiri, katatu, mpaka atakhutira. Wothira alibe mwayi umenewo, pakuti ntchito yake imachitika m'kamphindi kamodzi, ndipo akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.

Makolo anga anachokera ku Chadiza nadzapempha malo olima kwa nyakwawa za kuno ine ndili mwana. Ndinakula pa nthawi imene dziko linali pa njala ya zipangizo: malire a Rhodesia anatsekedwa mu 1973, mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa, ndipo makina akathyoka kachitsulo kamodzi, mwini wake sankadikira kuti kena kadzabwera pa sitima, koma ankatola zidutswa zake n'kupita nazo kwa osungunula zitsulo kuti akamuumbire kena. Ku migodi kunali mafakitale aakulu, monga Scaw ya ku Kitwe, yothira mipira yachitsulo yoperera miyala ya mkuwa, ndi ZAMEFA ya ku Luanshya, yosandutsa mkuwa kukhala waya. Ku Lusaka kunali ang'onoang'ono, ndipo m'fakitale ina mwa amenewa ndi mmene ndinalembedwa ntchito, poyamba yosefa mchenga ndi kusesa, pambuyo pake yogwira chikho, ndiko kuti mtsuko wachitsulo womatidwa dongo m'kati, umene tinkanyamulira chitsulo chosungunuka kuchokera pa ng'anjo kupita ku zikombole.

Mlendo akalowa m'nyumba yothirira zitsulo amathamangira kukaona moto, koma mmisiri amayamba wagwira mchenga, chifukwa kukoma kapena kuipa kwa chimene chidzatuluke kumakhala kutagamulidwa ndi theka ng'anjo isanakolezedwe. Mchenga wake ndi wosefedwa bwino, wosakanizidwa ndi dongo pang'ono ndi madzi pang'ono, ndipo muyeso wake uli m'dzanja: umautapa n'kuufumbata monga mbamu ya nsima, ndipo ukatambasula dzanja uyenera kusunga zidindo za zala zako osakumatirira, ukauthyola uyenera kuduka pakati osanyenyeka. Ukachuluka madzi udzafuka nthunzi imene idzalowerere m'chitsulo. Ukauma udzagumuka n'kukokoloka chitsulo chikamayenda. Sindidabwa kuti ngakhale Hiramu wa ku Turo, mmisiri amene Buku Lopatulika limasimba kuti anaumbira mfumu Solomo nsanamira ndi zipangizo zamkuwa za m'kachisi, sanathirire ntchito yake pa Yerusalemu pomwepo, koma anatsikira ku chigwa cha Yordano, pakati pa Sukoti ndi Zaretani, kumene kunali dothi ladongo loyenera zikombole.

Kalipentala amasema chitsanzo chamtengo chofanana ndi chinthu chofunikacho, nachikulitsa pang'ono, pakuti chitsulo chikamazizira chimafota pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse. Woumba amaika chitsanzocho m'bokosi lapansi, nasinja mchenga mozungulira, nawaza fumbi louma kuti mabokosi asamatirirane, nasanjika bokosi lapamwamba, nasinjanso. Atatero amatsegula, amachotsa chitsanzo modekha, amasema ngalande yodzera chitsulo, amasiya kachitsime kamene kadzadyetse chinthucho pamene chikufota, ndipo amaboola timabowo ndi waya kuti mpweya upeze potulukira. Potsiriza amatseka nasanjika zitsulo zolemera pamwamba, popeza chitsulo chosungunuka chimalemera pafupifupi ka 7 kuposa madzi, ndipo chingathe kutukula bokosi lapamwamba n'kutulukira m'mbali. Thukuta lonseli, limene lingadye masiku a anthu angapo, amalipereka m'manja mwa wothira, amene angalikwaniritse kapena kuliwononga mphindi imodzi isanathe.

Ng'anjo yathu inali ya mtundu wakale, yaitali, yoimirira, yomangidwa m'kati ndi njerwa zosamva moto, ndipo ankaidyetsa kuchokera pamwamba mosanjikiza: makala amiyala otchedwa coke, kenaka zitsulo zakutha zophwanyaphwanya, kenaka miyala ya laimu, imene nthaka ya Lusaka ili nayo yochuluka, ndipo ntchito yake ndiyo kusonkhanitsa zonyansa kuti ziyandame padera. Makina opemerera mphepo akayamba kulira, nyumba yonse inkanjenjemera, ndipo palibe amene ankamva mawu a mnzake pokhapokha atafuula. Chitsulo cha mtundu umene tinkathira chimasungunuka pa madigiri ngati 1,200, koma pothira chimafunika chifike cha m'ma 1,400 kuti chiyende bwino m'ngalande zopapatiza. Pansi pa ng'anjo panali kabowo kotsekedwa ndi dongo. Nthawi ikakwana, kapitawo ankabaya dongolo ndi mkondo wachitsulo, ndipo chitsulo chinkatumphuka choyera mbuu, chothetheka, chothamanga kuposa mmene munthu wosazolowera angaganizire, n'kugwera m'chikho chimene ife tinali titachigwirizira pansi pake.

Amene anandiphunzitsa kuthira anali mkulu wina wa ku Dedza, amene ntchitoyi anaiphunzira ku Bulawayo asanawoloke Zambezi, ndipo tonse, Abemba, Atonga, Alozi ndi ife a kum'mawa, tinkawatcha Amalume. Sanali munthu wa mawu ambiri. Chiphunzitso chawo chachikulu anandipatsa tsiku loyamba limene ndinagwira mpini wa chikho: "Mphwanga, usayambe usanakonzeke, koma ukayamba usaleke. Pakamwa pa chikombole pakhale podzaza mpaka chitsulo chitaonekera kwinaku." Tanthauzo lake ndinalimvetsa pang'onopang'ono. Ukathira mwamantha, chitsulo chimazizira m'njira ndipo sichifika m'ngodya zonse. Ukaleka pakati n'kuyambanso, chitsulo chatsopano chimakumana ndi chakale chitachita kale khungu, ndipo ziwirizi zimagundana osalumikizana, n'kusiya msoko umene udzang'ambike tsiku lina. Ukathira mwaukali, umagumula mchenga wa m'kati n'kuusakaniza ndi chitsulo. Ukalola pakamwa kuphwa, mpweya ndi mphala zimalowa pamodzi ndi chitsulo. Pakati pa zolakwa zonsezi pali kanjira kamodzi kopapatiza, ndipo kanjirako sikaphunziridwa m'buku, koma m'mikono ndi m'maso, mwa kuimirira pafupi ndi munthu wodziwa kufikira thupi lako litatengera mayendedwe ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chikho chachikulu sichinyamulidwa ndi munthu mmodzi. Awiri amagwira mipini, wina kutsogolo wina kumbuyo, wachitatu amatsekereza mphala ndi ndodo yachitsulo kuti isagwere m'chikombole, ndipo onsewo ayenera kudzuka pamodzi, kuponda pamodzi ndi kupendeketsa pamodzi, pakuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Masana onse Abemba ndi ife a kum'mawa tinkanyozana mwa chimbuya, monga mwa mwambo wa dziko lino, wina kutonza mnzake za kudya mbewa, winayo kubwezera za anyani. Koma dongo la pa ng'anjo likangobayidwa, nthabwala zonse zinkatha, ndipo munthu amene m'mawa unamunena kuti alibe nzeru ndiye amene tsopano wasunga miyendo yako m'manja mwake. Ndakhala m'misonkhano ya mpingo ndi ya mudzi, ndamva maulaliki ambiri a chikondi cha pa abale, koma kukhulupirirana kotheratu kumene ndinakuona ndi maso anga ndi kwa amuna atatu oyenda ndi chikho pakati pa mizere ya zikombole, osalankhulana, aliyense akumva kupuma kwa mnzake kudzera mu mpini.

Anthu amaganiza kuti mdani wa wothira ndi moto. Ife tinkaopa madzi. Dontho la madzi likasanduka nthunzi limakula pafupifupi ka 1,700, ndipo likatsekeredwa pansi pa chitsulo chosungunuka limachimwaza mlengalenga ndi mkokomo, n'kugwetsa mvula ya moto pa aliyense ali pafupi. N'chifukwa chake chikho chilichonse tinkachiwamba pamoto chisanalandire chitsulo, ndodo iliyonse tinkaitenthetsa, pansi pamayenera kukhala mchenga wouma, ndipo mpope wotsekeka kapena chitini chosaboola sichinkaloledwa kulowa m'ng'anjo. Nyengo ya dzinja, denga likadontha, Amalume ankayendera chikombole chilichonse ndi nyali. Za zovala ankalamula mosanyengerera: thonje ndi chikopa basi, chifukwa nsalu ya nayiloni imasungunukira pakhungu, buluku likhale pamwamba pa nsapato kuti nthethe ya moto isagwere m'kati, ndipo nsapatoyo ikhale yotheka kuivula ndi kukankha kumodzi. Mnyamata wonyozera malangizo amenewa ankabwezedwa ku sefa. Safunsa anadya phula.

Koma chimene chandikhalitsa pansi kulemba si kuopsa kwa ntchitoyi, ngakhale zipsera zake ndili nazo. Ndi ichi: wothira amaumba chinthu chimene m'kati mwake simudzaonedwa ndi wogula. Mmisiri wa matabwa akalakwa, mpando umatsimphina pamaso pa onse. Womanga nyumba akalakwa, khoma limapendekeka. Koma gudumu la chigayo lingatuluke mumchenga losalala, lolemera, lokongola, pamene m'kati mwake muli mphako ya mpweya kapena chibuma cha mphala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Gudumu lotero lidzagulidwa, lidzakwezedwa pa lole, lidzafika ku Kanakantapa kapena ku Rufunsa, lidzazungulira mwezi umodzi kapena chaka, ndipo tsiku lina, amayi atandandalika ndi madengu a chimanga, lidzasweka lili pa liwiro. Palibe amene adzadziwe dzina la munthu amene analeka kuthira pakati kuti apukute thukuta. Mafakitale aakulu ali ndi makina ounika m'kati mwa chitsulo. Ife tinali ndi nyundo ndi khutu. Amalume ankapachika chinthu chilichonse nachigogoda: chamoyo chinkalira nthawi yaitali, chong'ambika chinkagonthera. Chimene chawakayikitsa ankachiphwanya pomwepo ndi nyundo yaikulu n'kuchibwezera ku mulu wa zosungunula, ngakhale mwini ntchito atadandaula za coke wotayika. Ndinawaonapo akukana kumata bowo ndi phula n'kulipaka utoto, monga ena ankachitira, ndipo yankho lawo linali lalifupi: "Bwana, utoto sugaya chimanga."

Pa chifukwa chimenechi, mwa nkhani zonse za m'Buku Lopatulika, imene imandikhudza monga mmisiri ndi ya Aroni m'chipululu. Mose atatsika m'phiri namufunsa za fano la mwana wa ng'ombe, Aroni anadzikanira ngati kuti iye anangoponya golide pamoto, fanolo n'kudzitulukira lokha. Munthu aliyense amene anagwirapo chikho amadziwa kuti m'moto simutuluka kanthu kokha. Pali amene anasankha zosungunula, pali amene anaumba chikombole, pali amene anapendeketsa chikho. Ndipo chotulukacho, chabwino kapena choipa, chili ndi mwini wake amene ayenera kuchiyankhira pabwalo, ngakhale bwalolo litakhala la mumtima mwake mokha.

Thupi la wothira nalonso limasunga zake zosaoneka. Zikombole zikazizira timaziphwasula, timakumba chinthucho mumchenga wopsa, timadula ngalande, timapala ndi mwala wozungulira. Ndipo fumbi la mchenga umenewo, losalala kotero kuti diso sililiona, limalowa m'mapapo n'kukhazikika osatulukanso. Matenda ake, amene madokotala amawatcha silicosis, amabwera mochedwa, munthu atasiya kale ntchito, ndipo amatsegulira khomo chifuwa chachikulu. Anthu a m'migodi ali ndi malo awo ku Kitwe kumene zifuwa zawo zakhala zikupimidwa kuyambira nthawi ya atsamunda. Wothira wa kuseri kwa nyumba alibe womuitana kukapimidwa. Kale ankatipatsa mkaka poweruka, ndipo tinkaumwa ndi chikhulupiriro kuti ukutsuka fumbi, pamene mkaka umapita m'mimba ndipo fumbi lili m'mapapo. Chotchinga mphuno chabwino, madzi owaza pa fumbi lopala ndi mazenera otsegula zikanasunga amuna ambiri amene ndinawaperekeza kumanda akutsokomola, ndipo mwa iwo munali Amalume.

Boma litasintha mu 1991, malire anatsegukira katundu wakunja, makampani a boma anagulitsidwa, ndipo mafakitale ang'onoang'ono ambiri, polephera kupikisana ndi zitsulo zotsika mtengo zochokera kutali, anazimitsa ng'anjo zawo. Yathu inali imodzi mwa izo. Masiku ano zitsulo zakutha zimapita ku mafakitale aakulu monga ya ku Kafue, kumene amazisungunula ndi magetsi n'kupanga zitsulo zomangira nyumba. Ndipo iwonso ali ndi mtanda wawo, pakuti chilala cha 2024 chitachepetsa madzi a m'nyanja ya Kariba magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo chitsulo chikaumira m'ng'anjo yamagetsi chimawononga ng'anjo yomwe. Fakitale yathu itatsekedwa, ine ndinabwerera kuno ku Chongwe, ku munda wa malemu atate, ndi manja odziwa ntchito imodzi yokha, ndipo ndinayamba kuumba mapoto a aluminiyamu monga amachitira amisiri ambiri m'makomboni a Lusaka.

Ntchito ya mapoto ndi yomweyo, yangochepa msinkhu. Chitsanzo ndi poto wina wakale; mabokosi ndi amatabwa; mchenga ndi wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi la pachulu; fumbi lolekanitsa ndi phulusa losefa; ng'anjo ndi dzenje lomatidwa dongo, lodyetsedwa makala, lopemereredwa ndi mvukuto wozunguzidwa ndi gudumu la njinga; ndipo mbiya yosungunulira ndi chidutswa cha mpope wokhuthala wotsekedwa pansi. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, ndipo sachita kuyera ndi kuthetheka monga chitsulo, koma amaoneka ngati wozizira pamene angathe kuboola phazi, chimene chimanyenga anyamata ambiri. Makalawo amandilemera mumtima, popeza ndikuona ndi maso anga mmene mitengo ya boma lino ikuthera kupita ku mbaula za ku Lusaka. Ndicho chifukwa chake sindikoleza moto chifukwa cha poto mmodzi, koma ndimadikira zikombole zichuluke. Ogula anga ndi amayi a Chigwirizano, mabungwe a maliro, masukulu ndi ogulitsa nsima pamsika, anthu ofuna poto wokhuthala amene sangabooke ndi mthiko, pa mtengo umene thumba lawo lingathe.

Ndipo ndi pa mapoto pomwepa pamene nkhani ya cham'kati yandifikira mozama koposa kale, chifukwa gudumu loipa limasweka kamodzi anthu n'kudziwa, koma poto woipa amagwira ntchito yake mwakachetechete tsiku ndi tsiku. Aluminiyamu wathu timamutola m'zitsulo zakutha: mapisitoni, mitu ya injini, mafelemu a mazenera, zitini za zakumwa, mapoto obooka. M'mulu womwewo mumabisala mtovu, wochokera ku mabatire, ku timiyala tolemeretsa mawilo a galimoto ndi ku zomatira za maradiyeta. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327 okha, ndipo umalowa m'mbiya msanga aluminiyamu asanafewe n'komwe. Ife a m'dziko lino sitifunika kuuzidwa za mtovu, pakuti tili ndi Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994 koma fumbi lake likadali m'magazi a ana kufikira lero. Umafooketsa ubongo wa mwana, umabweza nzeru zake m'mbuyo, ndipo a zaumoyo amanena kuti palibe muyeso wake umene ungatchedwe wosavulaza. Ofufuza amene anayesa mapoto oumbidwa ndi amisiri onga ine ku Cameroon mu 2014, ndi m'maiko ena 10 mu 2017, anapeza kuti ena mwa mapotowo amatulutsira mtovu m'chakudya, makamaka chakudya chowawasa chikawira m'menemo. Nditamva zimenezi ndinasowa tulo, chifukwa poto amene ndimaumba amaphikira phala la ana a sukulu.

Chimene dzanja lingathe ndimachita. Mnyamata akabwera ndi thumba la zitsulo pa njinga, sindiliyeza pa sikelo lisanakhuthulidwe pansi, ndipo chidutswa chilichonse chimadzera m'manja mwanga. Cholemera mopitirira msinkhu wake, chofewa mwakuti msomali umachilemba, chosiya mzere wakuda pa pepala, ndi mtovu, ndipo chimapita kutali ndi ng'anjo. Zogwirira zitseko za galimoto ndi makabuleta akale ndi za zinki, zimene utsi wake umagwetsa munthu m'malungo a usiku umodzi. Chopepuka modabwitsa ndimachidonthezera vinyo wosasa, ndipo chikachita thovu ndi maginiziyamu, amene akayaka m'mbiya sazimitsidwa ndi madzi. Maradiyeta ndi chilichonse chopakidwa utoto wakale sindilandira. Waya wa magetsi wodulidwadulidwa, ngakhale aluminiyamu wake ndi wabwino koposa, ndimaubweza ndi mwini wake yemwe, popeza ndikudziwa kuti pali mudzi umene wagona mumdima chifukwa cha iye. Anyamatawo amang'ung'udza kuti, "Ambuye, anzanu amatenga zonse," ndipo ndimawayankha kuti apite nazo kwa anzangawo.

Komabe pali malire amene dzanja ndi diso sizingapitirire, pakuti mtovu umene unasakanizidwa kale ndi aluminiyamu ku fakitale yopanga chitsulocho sulemera padera, sulembeka ndi msomali, ndipo nyundo ya Amalume singaumve. Pali makina ang'onoang'ono ogwira m'manja amene amaunika chitsulo n'kutchula zonse zili m'kati mwake m'kanthawi kochepa, ndipo dziko lino lili ndi mabungwe amene ntchito zotere ndi zawo: Zambia Bureau of Standards yoona za miyezo, TEVETA yoona za maphunziro a ntchito zamanja, ndi akatswiri a pa University of Zambia, imene ili pa msewu womwewu wa kum'mawa. Pempho langa kwa akuluakulu amenewa ndi lakuti asabwere ndi chikwapu chothamangitsa oumba mapoto, pakuti kutero kudzangowabisa kuseri kwa makomboni, ndipo mayi wosauka sadzapeza poto wina wolingana ndi ndalama zake. Koma abwere ndi makinawo pa msika, pa tsiku lodziwika, kuti mmisiri aliyense abweretse zitsulo zake ndi mapoto ake ziyesedwe, auzidwe mitundu ya zitsulo imene ayenera kuisiya, ndipo wopambana apatsidwe chizindikiro chodinda pa chogwirira cha poto. Mutu umodzi susenza denga. Ambiri mwa anzanga pa ntchitoyi si anthu oipa mtima. Sanauzidwepo, ndipo ana awo omwe amadyera m'mapoto omwewo.

Pamene tikudikira tsiku limenelo, poto aliyense wochoka pakhomo panga amapita ndi malangizo apakamwa. Mayi wina wa Chigwirizano atabwera kudzatenga mapoto a mpingo wawo, ndinamuuza monga ndimauzira onse, kuti ayambe wawiritsamo madzi n'kuwataya, kuti aphikiremo nsima ndi phala koma ndiwo za tomato wambiri azipatse chiwaya china, kuti asagonekemo chakudya usiku, ndiponso kuti asakweche m'kati ndi mchenga kufikira mutawala, popeza khungu lotuwa limene poto amachita ndilo limatchinga chitsulo kuti chisalowe m'chakudya. Anandiyang'ana modabwa nati, "Atate, mukunyoza katundu wanu yemwe? Kodi mapotowa ali ndi chilema?" Ndinamufotokozera za zitsulo zimene ndinasungunula, zimene ndinakana, ndi za mtovu umene diso silingauone. Anakhala chete kanthawi, kenaka anandipempha kuti ndibwerezenso malangizowo pang'onopang'ono kuti awalembe kuseri kwa kope la zopereka, akawawerengere amayi anzake pa msonkhano wa Lachisanu.